Kanema ndi intaneti pazokha sizingaphunzitse mwana Chingerezi

Makolo ambiri m'matauni monga Mponela, Lunzu, Jenda ndi Liwonde akagula TV kapena foni yamakono masiku ano amati agulira ana mphunzitsi wa Chingerezi. Mwana wa zaka 5 akatchula mawu awiri atatu omwe watola m'makatuni, banja lonse limasekerera, ena mpaka kuitana anansi kuti adzamve.

Kunyadirako si kolakwa. Vuto limabwera pomwe kholo layamba kuganiza kuti kanema ndi intaneti n'zokwanira, ndipo buku, mphunzitsi ndi kucheza ndi mwana zilibenso ntchito. Maganizo otere akhoza kudzaliritsa mwana tsiku lotuluka zotsatira za mayeso.

Nkhani ya Chingerezi si yamasewera m'dziko muno. Pamayeso a Fomu 4 a MSCE, bungwe la Maneb limafuna kuti wophunzira akhoze maphunziro osachepera 6, ndipo limodzi mwa maphunzirowo likhale Chingerezi. Mwana akhoza kukhoza bwino masamu, sayansi ndi zaulimi, koma akalakwa Chingerezi satifiketi palibe. Ngakhale ku Sitandade 8, mafunso amabwera m'Chingerezi kupatula a phunziro la Chichewa.

Kunena zoona, kanema amathandiza. Amazoloweretsa khutu kumva momwe eni chiyankhulo amatchulira mawu, ndipo mwana amatolamo mawu atsopano osadziwa kuti akuphunzira. Paintaneti palinso maphunziro aulere ndi mabuku otanthauzira mawu omwe kale ankapezeka kwa aphunzitsi okha.

Koma TV simva, sifunsa ndipo siwongolera. Mwana akaphonya mawu, filimu imangopitirira.

M'chaka cha 2003, katswiri wina wa pa University of Washington ku America, Patricia Kuhl, ndi anzake adatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja oyankhula Chingerezi n'kuwamvetsera Chitchaina maulendo 12. Ena ankacheza ndi munthu woyankhula Chitchainacho maso ndi maso, pomwe ena ankangoonera anthu omwewo pakanema. Omwe adacheza ndi munthu adayamba kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a Chitchaina, koma oonera kanema adafanana ndi ana omwe sadamvepo chiyankhulocho.

N'zoona kuti mwana wamkulu amatola zambiri pakanema kuposa khanda. Komabe kumva ndi kuyankhula n'zosiyana. Ku Canada, ana oyankhula Chingerezi omwe ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa kwa zaka zambiri ankamva bwino chiyankhulocho, koma poyankhula ndi polemba ankaphwanyabe malamulo ake. M'chaka cha 1985, katswiri wina wa komweko, Merrill Swain, adafotokoza kuti chomwe chinkasowa ndi mpata wokwanira woti anawo aziyankhula ndi kulemba okha, chifukwa munthu amazindikira pomwe pakumuvuta akamayesa kupanga chiganizo chakechake.

Ngati ana okhala ndi mphunzitsi tsiku lonse ankavutika chonchi, nanga bwanji mwana yemwe amangoyang'ana TV ali duu?

Palinso nkhani ya mtundu wa Chingerezi chomwe ana akutola. Mafilimu ena a ku Nigeria amasakaniza Chingerezi ndi chiyankhulo cha m'misewu ya kwawoko. Nyimbo zambiri za ku America zadzaza mawu achinyamata omwe sangalembedwe m'kalata yofunsira ntchito. Pa WhatsApp ndi Facebook anthu amadula mawu, osalabadira mpumiro kapena zilembo zazikulu. Ndipo m'nyumba zambiri zoonetsera kanema m'misika, mafilimu amakhala omasuliridwa kale m'Chichewa, kotero mwana amatulukamo wopanda liwu limodzi lachingerezi.

Pomwe wolemba mayeso amafunika kumanga chimangirizo cha ndime zomveka, kuwerenga nkhani n'kuyankha mafunso, komanso kuifupikitsa m'mawu ake. Luso limeneli limabwera ndi cholembera m'manja, wina akuchonga.

Ena amapereka chitsanzo cha maiko monga Netherlands ndi Sweden, komwe anthu amaonera mafilimu achingerezi osamasuliridwa mawu ndipo amachiyankhula bwino. Chomwe amaiwala n'chakuti kumeneko ana amaphunziranso Chingerezi m'kalasi kwa zaka zambiri. Kanema amangothirira mbewu yomwe mphunzitsi adadzala.

Chitsanzo chapafupi ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe adasiya sukulu ya sekondale posowa fizi nthawi ya njala ya 2002. Ankabwereka mabuku kulayibulale ya pasukulu ya pulayimale ya kwawo, ndipo poti Chingerezi chinkamuvuta, ankadalira zithunzi ndi kufunsa woyang'anira mabukuwo matanthauzo a mawu. Umo ndi momwe adapangira makina opukusa magetsi ndi mphepo. Atatchuka sadanene kuti wafika. Adabwerera m'kalasi mpaka kumaliza maphunziro pa Dartmouth College ku America mu 2014.

Nanga kholo lomwe silidziwa Chingerezi lichite chiyani? Pali zambiri zosalira ndalama. Mwana akatha kuonera pulogalamu, afotokoze zomwe waona m'Chichewa, kenako ayese m'Chingerezi kwa mkulu wake kapena mnzake. Madzulo aziwerenga mokweza ndime imodzi ya m'buku kapena nyuzipepala, ngakhale yakale. Pamafilimu omwe mawu olembedwa amatha kuoneka m'munsi, ayatsidwe kuti diso lizithandizana ndi khutu. Kholo lizionanso makope ngati akuchongedwa, ndi kulimbikitsa mwana kulowa kalabu ya mtsutso kapena ya zisudzo kusukulu. Komwe kuli nthambi ya National Library Service, mwana akalembetse.

Kuletsa Chichewa pakhomo nakonso si mankhwala. Mwana wodziwa kuwerenga bwino chiyankhulo cha kwawo savutika kwambiri kuwerenga chachilendo.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. TV ndi foni zikhale pakhomo, koma pa ndalama ya bandulo ndi yolipirira tchanelo pazitsalako yogulira kope, cholembera ndi buku. Tsiku la mayeso foni imatsala panja, ndipo mwana amalowa ndi chomwe adayeserera kulemba yekha.