TISAGWETSE NYUMBA ZAKALE ZA APHUNZITSI, TIZIKONZE

Akonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndiyankhule ndi anzanga a kumudzi, mafumu, makomiti a sukulu ndiponso abusa ndi ansembe amene mipingo yawo ili ndi sukulu. Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito. Choko ndidachigwira zaka zoposa 35, ndipo zaka zonsezo ndinkagona m'nyumba za sukulu za kumudzi. Choncho nkhani ya nyumbazi siyongomva kwa anthu ayi.

Chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Mwezi wathawu ndidapita ku maliro kufupi ndi sukulu ina imene ndidaphunzitsapo, ndipo pobwerera ndidapatuka kuti ndione nyumba imene ana anga awiri adabadwiramo. Ndidapeza denga lidachoka, mafelemu adazulidwa, m'chipinda chochezera mukugona mbuzi. Koma makoma, Akonzi, ali chiimire, owongoka ngati adamangidwa dzulo. Pambali pake pali nyumba yatsopano imene idalekera m'mazenera, ndipo dzinja lachitatu likuipeza choncho chifukwa ndalama zidatha. Aphunzitsi ambiri a pasukulupo amachita lendi ku malo a malonda, tsidya lina la mtsinje. Mtsinjewo ukadzaza, ana amakhala m'kalasi kudikira mpaka dzuwa lifike pamutu, kenaka n'kubwerera kwawo osalemba kanthu. Ena mwa anawo ndi a Sitandade 8 amene mayeso akuwadikira.

Ndidafunsa kuti bwanji ndalamazo sadakonzere nyumba yakaleyo. Yankho lidali lakuti nyumbayo njachikale, aphunzitsi a masiku ano sangakhalemo. Apa ndiye pagona nkhani.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti aphunzitsi achinyamatawa sakulakwa. Ife tidapirira mileme m'siling'i, utsi m'khitchini ndi nyali ya koloboyi chifukwa tinkaona ngati ndi mmene moyo umakhalira. Mwana wa lero wochokera ku koleji akufuna kuwala koti akonzere ntchito yake usiku, potchajira foni, bafa la chitseko ndi chimbudzi chaukhondo. Izi sizonyada ayi. Koma kodi zimenezi zimangopezeka m'nyumba yatsopano basi? Chimene chakalamba m'nyumba zambiri ndi denga, mazenera ndi khitchini. Maziko ndi makoma, zimene zimadya njerwa, mchenga ndi thukuta la anthu a m'mudzi, zilipo kale.

Tiyeni tione zimene zidachitika kwina. Nyumba ya Mandala mu mzinda wa Blantyre idamangidwa mu 1882 ndipo anthu akuigwiritsabe ntchito. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, anthu akupempheramobe. Ku Livingstonia, nyumba ya miyala ya mu 1903 imene ankakhalamo Dr Robert Laws idasandutsidwa malo ogona alendo ndi mosungiramo zinthu zakale. Ngati nyumba za zaka zoposa 100 zikutumikirabe anthu, nanga ya mphunzitsi ya zaka 50 kapena 60 yalakwanji? Kusiyana kwake n'kwakuti zinazo zidapeza ozisamala.

Tikumbukirenso kuti boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi adaonjezereka m'sukulu chaka chimodzi chokha. Ndidaziona ndi maso anga. Tonse tidathamangira kuumba njerwa za makalasi, ndipo nyumba za aphunzitsi tidaziika pambuyo. Kuyambira pamenepo nyumba sizidakwanepo. Tsono dziko limene nyumba zikuperewera lingamataye bwanji zimene lili nazo kale?

Ndisangodandaula, ndinene zimene tidachita pasukulu yomaliza imene ndidaiyang'anira. Padali nyumba yaikulu ya mishoni ya zipinda zisanu ndi chimodzi imene idangosiyidwa. Tidaigawa pakati ndi khoma, mbali iliyonse n'kukhala ndi khomo lake, khitchini yake, bafa ndi chimbudzi chake. Mudalowa mabanja awiri. Tidaumirira zoti aliyense akhale ndi zake chifukwa mikangano ya panyumba za aphunzitsi nthawi zambiri imayambira pa khitchini ndi pa chimbudzi, kenaka n'kukafika mpaka m'ofesi ya ahedi.

Pa ntchitoyo tidaphunzira zingapo. Choyamba, itanani mmisiri wodziwa ayendere nyumbayo musanagule ngakhale msomali. Safunsa adadya phula. Ming'alu yopyapyala ya m'pulasitala siyoopsa. Koma mng'alu waukulu wotsika mopingasa kuchokera pazenera mpaka pansi, kapena khoma lopendekeka, ndi chizindikiro chakuti maziko asuntha. Nyumba yotero tisaikakamire, moyo wa munthu ngwofunika kuposa njerwa. Tiigwetse mosamala n'kusunga njerwa zabwino kuti timangire khitchini kapena chimbudzi.

Chachiwiri, yambani ndi denga, osati penti. Ambirife timathamangira kupaka laimu kunja kuti alendo aone, pamene madzi akudontha m'kati. Chotsani matabwa onse amene chiswe chidadya, ndipo atsopanowo apakidwe mankhwala. Denga likachotsedwa, imeneyo ndiyo nthawi yoika lamba wa simenti ndi zitsulo pamwamba pa makoma, amene amisiri amati ring'i bimu, ndi kumangirira denga ku lambayo ndi waya wolimba. Nyumba zambiri zakale zilibe lambayu. Chivomezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 zidatiphunzitsa kuti nyumba yosamangirira bwino siichedwa kugwa. Tsekaninso mipata yonse ya pakati pa khoma ndi malata kuti mileme isabwerere.

Pano ndichenjeze. Nyumba zina zakale zidafoleredwa ndi asibesitosi, malata otuwa okhuthala aja ooneka ngati simenti. Fumbi lake munthu akalipuma limayambitsa matenda a m'mapapo, kuphatikizapo khansa, ndipo matendawo amaonekera patapita zaka zambiri. Musawadule ndi sowo, musawaswe, musawakweche, ndipo ana asasewere ndi zidutswa zake. Funsani a zaumoyo kapena a za zomangamanga ku khonsolo musanawakhudze.

Chachitatu, madzi a pansi. Mdani wamkulu wa khoma ndi madzi odikha m'mphepete mwake. Khonde la nyumba zakale lija silidali lokhalirapo chabe, linkateteza khoma ku mvula ndi ku dzuwa, n'chifukwa chake nyumbazo zimazizira bwino mu Okutobala. Musalitseke kuti mupangepo chipinda. Konzani ngalande yozungulira nyumba kuti madzi azithawira kutali.

Chachinayi ndi cholakwa chimene ifeyo tidachita. Makoma a nyumbayo adamangidwa ndi njerwa ndi dothi, ndipo ife posafuna kuoneka osauka tidamata pulasitala wa simenti yambiri. Patapita madzinja awiri pulasitalayo adayamba kufufuma n'kugwa zibenthuzibenthu. Mmisiri wina wachikulire ndiye adatiuza kuti khoma la dothi limafuna kupuma. Simenti yambiri imatsekera chinyontho m'kati, pamene pulasitala wosakaniza ndi laimu amachilola kutuluka. Tidalipira kawiri chifukwa chosafunsa.

Zikatha izi, zamakono zija zimalowa mosavuta. Kulitsani mazenera poika lintala yolimba pamwamba pake, ndipo muikemo waya wa sefa kuti udzudzu usalowe. Sola yaing'ono ndi batire zimakwanira kuyatsa mababu angapo ndi kutchaja foni. Kumene kuli magetsi, mawaya akale achotsedwe ndipo ntchitoyo aigwire munthu wa chiphaso, osati mnyamata wongodziwa kulumikiza wailesi. M'khitchini muikidwe mbaula yosawononga nkhuni ndi potulukira utsi. Chimbudzi chikhale cha simenti pansi, cha paipi yotulutsa fungo, ndipo chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30.

Za madzi, ndiloleni ndichite masamu monga mphunzitsi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi. Denga la mamita 10 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, pa chaka chimene kwagwa mvula ya mamilimita 800, limalandira malita 64,000. Onsewo sangasungidwe, koma ngalande ya malata m'mphepete mwa denga ndi thanki imodzi zingapumitse banja ku mjigo nyengo yonse ya dzinja, komanso madziwo sagweranso patsinde pa khoma.

Palinso nkhani ya mitengo. Nyumba yatsopano ya njerwa zootcha imayamba ndi uvuni, ndipo uvuni umadya mitengo imene yatitheratu m'midzimu. Njerwa za m'nyumba yakale zidaotchedwa kale ndi makolo athu. Kuzitaya n'kudula mitengo kawiri.

Tsono vuto lenileni si njerwa kapena simenti, koma umwini. A mpingo amati aphunzitsi ndi a boma, ndiye boma likonze. A boma amati nyumbazo n'za mpingo. A m'mudzi amangoyang'ana, mpaka wina adzabwere usiku kudzazula malata. Mutu umodzi susenza denga. Abusa ndi ansembe, nyumbazi adamanga ndi akhristu a mipingo yanu ndi manja awo. Inu mumatiphunzitsa za ukapitawo Lamulungu lililonse. Kodi nyumba ya mphunzitsi imene ikugwa kuseri kwa tchalitchi siili m'gulu la zimene tidasungitsidwa? Yendaniponi ndi akulu a mpingo, muziwerenge, mulembe zofunika kukonza.

Mafumu, itanani anthu atute mchenga ndi miyala monga tinkachitira pa ntchito zodzithandiza tokha. Aphungu ndi makhansala, pogawa ndalama za chitukuko cha m'madera kumbukirani kukonza zakale. Ndikudziwa kuti nyumba yokonzedwa ilibe riboni yodula ngati yatsopano, koma ana amene mphunzitsi wawo wafika pa nthawi yake ndiwo umboni wa ntchito yanu. Makomiti a sukulu, kandalama ka lendi kamene aphunzitsi amapereka kalembedwe m'buku, kawerengedwe pamsonkhano wa makolo, ndipo kagwire ntchito yokonza nyumbazo basi. Lata limodzi likasinthidwa chaka chino, denga lonse silidzagwa chaka cha mawa. Inunso aphunzitsi okhalamo, nyumba ya sukulu muisamale ngati yanu, musadikire ahedi kuti adzatseke bowo la chiswe.

Sindikuletsa kumanga nyumba zatsopano, zikufunika zambiri. Pempho langa n'lakuti tisanakumbe maziko atsopano tiyambe taona zimene zaima kale pasukulu pathu. Mvula ikubwerayi ikapeza makoma aja alibe denga, chaka cha mawa tidzapeza mulu wa dothi, ndipo ana a tsidya lino adzadikirabe mphunzitsi amene mtsinje wamutsekereza.



Mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito,
Dedza.