CHENJEZO: Chuku cha mu mtedza ndi chimanga ndi poizoni, musadyetse ana

Uthengawu ukupita kwa alimi, mavenda a mbewu, eni zigayo, ophika phala m'sukulu za mkombaphala ndi makolo onse. Mtedza ndi chimanga zikachita chuku zimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, amayambitsa khansa, ndipo akachuluka amapha m'masiku owerengeka. Kuphika, kukazinga ngakhale kusinja sikumuchotsa. Iye mwini alibe fungo, ndipo pakamwa samveka. Ngati m'nyumba mwanu muli thumba la mbewu limene linanyowa kapena linasungidwa lisanaumitsitse, litseguleni lero lomwe.

Zimene zachitika kale

Mu Ogasiti 2024, nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga cha poizoniyu. Boma litayeza ufa wochokera m'zigayo zazikulu, pafupifupi theka la zimene linayeza zinapezeka ndi poizoni wopitirira muyezo, ndipo ufa wina unachotsedwa m'masitolo. Umenewu unali ufa wa anthu, wophikira nsima ya tsiku ndi tsiku. Ku Kenya mu 2004, m'maboma a Makueni ndi Kitui ndi ena oyandikana nawo, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira. Ambiri a iwo anadya chimanga cholima okha, chimene anachisunga chili chachinyezi.

Imfa zoterezi zimamveka pa wailesi. Choopsa kwambiri ndi poizoni amene timadya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri osamva kupweteka kulikonse. Nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inaika aflatoxin m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Kwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kambirimbiri.

Kumene poizoniyu amachokera

Amapangidwa ndi nkhungu (chuku) yotchedwa Aspergillus flavus ndi zinzake, zimene zimakhala m'nthaka ya m'minda mwathu momwemu. Nkhunguyi imalowa mosavuta pamene kwagwa ng'amba mbewu zili pafupi kukhwima, pamene chiswe kapena mbozi zaboola makoko, ndi pamene khasu latema mtedza pokumba. Ikalowa, imangofuna chinyezi ndi kutentha. Timaipatsa zimenezi tikayanika mbewu padothi, tikaunjika mtedza wosauma, tikasiya matumba pansi m'nyumba yodontha, ndiponso tikawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa. Ena amanyowetsa mtedza mwadala kuti ulemere pa sikelo. Amenewo akugulitsa matenda.

Malamulo a kunja, zotsalira zathu

Mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu kukhala ndi aflatoxin wopitirira magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi. Malamulo otere ndi ena mwa zimene zinachititsa kuti mtedza wa Malawi, umene kale unali ndi msika wabwino ku Ulaya, uutaye msikawo. Wogula wotumiza kunja amasankha mtedza mosamala ndipo amauyeza. Funso ndi lakuti: wokanidwa uja umapita kuti? Kawirikawiri sutayidwa. Umabwerera pamsika wa m'dera, umagulitsidwa motchipa, umasinjidwa kukhala nsinjiro kapena chiponde, mmene diso silingaonenso kuti unali wotani.

Pakhomo napo zimachitika chimodzimodzi. Mtedza wonenepa umapita kwa venda, wofota ndi wosweka umatsala kuti ukhale wotendera ndiwo. Chimanga choyera chimagulitsidwa, chowola chimapita kwa nkhuku, kwa ng'ombe kapena ku mowa. Potero chakudya chabwino chimachoka, poizoni n'kutsalira banja. Bungwe la Malawi Bureau of Standards limayendera mafakitale, koma silingafike pa mtondo wa m'khomo lililonse. Pamenepo woyeza ndinu.

Ana ndiwo ali pachiopsezo chachikulu

Alangizi a zaumoyo amatilimbikitsa kuthira nsinjiro m'phala la mwana, ndipo uphungu umenewu ndi wolondola. Mtedza ndi chakudya chomanga thupi chimene mabanja ambiri angakwanitse. Koma thupi la mwana ndi laling'ono, ndipo phala amadya lomwelo m'mawa ndi madzulo. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo anapeza kuti ana amene anali ndi aflatoxin wambiri m'magazi ndi amenenso anali opinimbira kwambiri. Ku Malawi, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Zoyambitsa kupinimbira n'zambiri, koma ichi ndi chimodzi chimene tingachepetse ndi manja athu. Poizoniyu amadutsanso mu mkaka wa ng'ombe imene yadya madeya a chuku. Amathanso kupezeka mu mkaka wa m'mawere, choncho mayi woyamwitsa apatsidwe chakudya chosankhidwa bwino, ndipo apitirize kuyamwitsa.

Chitani izi

1. Kololani pa nthawi yake. Mtedza ukakumbidwa, utembenuzeni kuti makoko ayang'ane kudzuwa, asagone padothi.
2. Yanikani chimanga ndi mtedza pa mphasa, pa lona kapena pa thandala, ndipo muzivundikira kukachita mvula kapena mame.
3. Musawaze madzi pa mtedza poswa. Sungani mtedza ndi makoko ake mpaka pamene mukuufuna.
4. Yesani ngati chimanga chauma. Ikani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani, khutchumulani, ndipo dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, yanikaninso.
5. Sanjani matumba pa mitengo kapena pa matabwa, osakhudza pansi kapena khoma. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amathandiza pokhapokha mbewu zitauma bwino.
6. Musanasinje kapena kupita kuchigayo, sankhani. Chotsani njere zofota, zosweka, zofumbwa, zosintha mtundu ndi zonse zooneka zobiriwira, zachikasu kapena zakuda. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola: njere zochepa zoipa zimaipitsa nsinjiro yonse.
7. Zimene mwachotsazo zitentheni kapena zikwirireni mozama. Musapatse ziweto, musafululire mowa kapena thobwa, musagulitse.
8. Kukonola ndi kuviika chimanga kumachepetsa poizoni, ngakhale sikumutheratu, ndipo wambiri amatsalira m'madeya. Wodya mgaiwa asankhe chimanga chake mosamala koposa.
9. Pogula, sankhani mtedza wathunthu umene mukuuona, mukasinje nokha. Chiponde cha m'botolo chikhale ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo.
10. Sinthasinthani zakudya. Mbatata, mpunga, nyemba, usipa, masamba ndi zipatso zimachepetsa kudalira chimanga ndi mtedza zokha.

Alimi afunsenso alangizi a zaulimi za Aflasafe, mankhwala opangidwa ndi bungwe la IITA. Ndi njere za mapira zokutidwa ndi nkhungu yopanda poizoni, zimene zimamwazidwa m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu zisanachite maluwa kuti zilande malo nkhungu yoipa ija.

Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala

Maso achikasu, kusanza, kupweteka kapena kutupa kwa mimba, kutupa miyendo ndi kufooka kwambiri, makamaka ngati anthu angapo odya mbale imodzi adwala pamodzi, kapena agalu ndi nkhuku zayamba kufa pakhomo. Siyani kudya ufa kapena mtedza umenewo, tengani pang'ono mukaonetse kuchipatala, ndipo uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti achenjeze ena amene anagula pamalo omwewo.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi makomiti a misika, lengezani uthengawu pa msonkhano wanu woyamba. Makomiti a sukulu ayang'ane matumba a ufa ndi mtedza asanaphike phala la mawa.