Dandaulo la Ana Anu a ku Joni

Ife ana anu a transgender amene tili ku Joni tikudandaula kwa inu amayi, abambo, amalume ndi azakhali kumudziko.

Mumati tinachititsa opaleshoni chifukwa chotengeka ndi zachilendo. Mukanaudziwa mzere wake! Zipatala za boma zochita opaleshoniyi kuno n'zowerengeka, ndipo ena polembetsa amauzidwa kuti adikire zaka zoposa 20. A medical aid ambiri amati n'zongodzikongoletsa, ndiye salipira. Amene tinakwanitsa tinachita kusunga timakobidi ta ntchito za m'nyumba ndi za m'masaluni. Wongotengeka angapirire zimenezo?

Opaleshoniyo kutithandiza inatithandiza, sitibisa. Amene tinachotsa mabere tinasiya kudzimanga pachifuwa mpaka kubanika, ndipo ambiri tulo tinayamba kutiona. Koma bala limafuna wodwazika. Masabata oyambawo kusamba wekha n'kovuta, ndipo wa opaleshoni ya kumusi amakhala kaye ndi kapaipi ka mkodzo. Kwathu wodwala amaphikiridwa phala ndi abale ake. Ife anatisambitsa ndi anzathu apalendi, ena a ku Zimbabwe, ena a ku Congo. Amene tinachotsa ziwalo zoberekera tidzalandira mahomoni moyo wonse, chifukwa tikasiya mafupa amafooka. Za ubereki tinalira tokha, inu pafoni mukungofunsa kuti zidzukulu zibwera liti.

Okondedwa athu ena anapirira nafe, ena ananyamula zikwama bala lisanapole. Banja likagwedezeka tilibe ankhoswe oti n'kuwaitana, popeza palibe mwa inu analola kutiimira. Lamulo la South Africa la 2003 limalola munthu kusintha zolembedwa pachiphaso, ndipo mu 2017 khoti lalikulu la Western Cape linagamula kuti okwatirana asakakamizidwe kusudzulana kaye kuti asinthe. Koma zimenezo amapindula nazo ndi eni dziko. Ife pasipoti ikunenabe zakale, ndipo pachipata cha m'malire munthu amayang'ana pasipoti, n'kuyang'ana nkhope, kenako n'kuitana anzake adzaone.

Musamati timanyada tikapanda kubwera. Mu 2010 ku Malawi mnzathu wa transgender Tiwonge Chimbalanga anagamulidwa kukakhala kundende zaka 14 chifukwa cha chinkhoswe chake. Pulezidenti wa nthawiyo Bingu wa Mutharika anamukhululukira, komabe kwawo sikunakhalikenso, mpaka anadzakhala ku Cape Town.

Chotiwawa kwambiri ndi maliro. Ndalama za bokosi ndi za ufa mumalandira pa Mukuru osafunsa kuti watumiza ndi mwamuna kapena mkazi, koma mukatero mumati tisabwere, tingakuchititseni manyazi. Wolimba mtima akafika, m'nyumba ya siwa amayi amamutulutsa, panja pamoto abambo amamutembenukira msana. Alipo mwa ife amene anaika mayi awo pa vidiyo ya WhatsApp.

Amalume, mbumba ndi yanu. Itanani abale mukambirane, mutiuze kuti pamaliro tizikhala mbali iti, ndiponso ife tikadzamwalira kuno adzabwere kudzatenga mtembo ndani.