Woyenda pansi ndiye amagula

Anzanga a pamsika, sabata ino tiyeni ku Mangalande. Kumeneko kuli njira ya oyenda pansi yotchedwa Thames Path, yomwe anaitsegula mu 1996. Imayambira kugwero la mtsinje wa Thames, kufupi ndi mudzi wa Kemble, n'kutsata madzi mpaka mu London. Ndi makilomita pafupifupi 300, ngati kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe. Anthu amayenda masabata awiri, wapansi, popanda wowakakamiza. Eti ndithu!

Musaseke msanga. Kale mbali yaikulu ya njirayi inali ya geni: ankadutsamo ndi mahatchi okoka mabwato a katundu. Sitima zapamtunda zitabwera m'zaka za m'ma 1800, malonda apamadzi anazilala. Lero mukudutsa anthu a zikwama kumsana. Dera lake ndi lachidikha, moti ndi agogo omwe amakwanitsa. Amadzera m'matauni akalekale ngati Cricklade ndi Lechlade, komanso padambo la Runnymede pomwe Mfumu John inavomera chikalata cha Magna Carta mu 1215.

Mfundo yanga nayi: wagalimoto amangokusiyirani fumbi. Woyenda pansi amamva njala ndi ludzu, amatopa. Amagula tiyi, buledi, n'kulipira pogona, ndalama n'kutsala m'midzi momwemo. Inde, nthawi yozizira mtsinje umasefukira, alendo n'kuchepa, monga geni yathu imachitira mu Januwale. Koma dzuwa likawala amabweranso.

Ndiye amayi ndi abambo, posankha poika benchi, muziwerenga mapazi, osati matayala.