Matenda "osowa" amene sasowa m'chigawo chino

JOHANNESBURG - Lamulo limene dziko la America linakhazikitsa mu 1983, ndi kulikonzanso mu 1984, limati nthenda ndi yosowa ngati yagwira anthu osakwana 200,000 m'dzikolo. Mayiko a European Union anaika malire awo mu 2000: anthu osapitirira asanu mwa 10,000 alionse. Malamulowa analonjeza makampani zaka zisanu ndi ziwiri ku America, ndi khumi ku Ulaya, zogulitsa mankhwala atsopano popanda wopikisana nawo. Kafukufuku wa matenda amene kale ankanyalanyazidwa anapita patsogolo ndithu.

Koma chiwerengerocho chimachitikira ku Washington ndi ku Brussels. Matenda awiri akusonyeza mmene mawu akuti "osowa" amasokeretsera akafika kum'mwera kwa Africa.

Oyamba ndi lipodystrophy, nthenda imene imasokoneza mafuta a m'thupi. Mtundu wake wobadwa nawo, umene madokotala Berardinelli wa ku Brazil ndi Seip wa ku Norway anaufotokoza m'zaka za m'ma 1950, ndi wosowadi. Mwana amakula wopanda mafuta pansi pa khungu, mafutawo n'kumaunjikana m'chiwindi ndi m'magazi, ndipo matenda a shuga amayamba msanga. Asayansi atatulukira leptin mu 1994, homoni imene mafuta a m'thupi amatulutsa, njira inatseguka, ndipo mu 2014 boma la America linavomereza mankhwala a metreleptin.

M'zaka zomwezo, anthu ambirimbiri m'chigawo chino anali kuphwa masaya, kuonda miyendo ndi matako, ena mimba n'kukula, chifukwa cha stavudine, amene anali m'gulu la ma ARV otchipa oyambirira. Ku Malawi anali m'piritsi la Triomune limene boma linayamba kupereka ulere mu 2004. Mankhwalawa anapulumutsa miyoyo yosawerengeka, zimenezo palibe angatsutse. Komabe nkhope yophwayo inkaulula kwa aliyense pamsika kuti munthu ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ena anasiya kumwa mankhwala poopa kulozedwa zala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2009 kuti stavudine asiyidwe pang'onopang'ono, mayiko olemera atamusiya kale. Dziko la South Africa linayamba kusintha mu 2010, la Malawi linamaliza cha mu 2013. Mafuta otayika sabwerera onse, ndipo metreleptin sanavomerezedwe pa lipodystrophy yodza ndi mankhwala a HIV. Amene anaphwa masaya zaka zimenezo ambiri akali nawo chomwecho.

Achiwiri ndi khansa ya Kaposi sarcoma, imene Moritz Kaposi anaifotokoza ku Vienna mu 1872 ngati nthenda yapakhungu yopezeka mwa apo ndi apo pakati pa amuna okalamba. Kachilombo koyambitsa khansayi, ka HHV-8, anakatulukira Yuan Chang ndi Patrick Moore mu 1994. N'kofala kwambiri pakati ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo Edzi itafooketsa chitetezo cha m'thupi, Kaposi sarcoma inakhala m'gulu la khansa zogwira amuna kwambiri ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe.

Kwa zaka zambiri zipatala za m'chigawochi zinkadalira bleomycin ndi vincristine, makamaka chifukwa ndi amene ankapezeka. Umboni weniweni unabwera mochedwa, mu 2020, pamene magazini ya The Lancet inafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 334 ku Brazil, Kenya, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Anapeza kuti paclitaxel, pamodzi ndi ma ARV, amathandiza kuposa mankhwala awiri aja. Ku America paclitaxel anali atavomerezedwa pa khansayi kuyambira 1997. Kafukufukuyonso analipiridwa ndi boma la America.

Apa ndi pamene maboma a SADC akuyenera kudzifunsa. Pa msonkhano wa ku Bamako mu 2008, nduna zinagwirizana zoti gawo losachepera awiri pa 100 alionse la ndalama za unduna wa zaumoyo lizipita ku kafukufuku. Pamene thandizo la America pa zaumoyo ndi kafukufuku linadulidwa kwambiri mu 2025, malo ofufuzira a ku South Africa ndi mayiko oyandikana nawo, ofanana ndi amene anayesa paclitaxel, anali m'gulu la oyamba kuchepetsa antchito.