Cilonda Cikabwelanso, Musadikile Tsiku la pa Khadi

Nyengo yokonza minda, mu October ndi November, dzuwa limatentha aliyense. Koma kwa abale athu acialubino, dzuwa lomwelo ndilo limabala khansa ya pakhungu, cifukwa khungu lao lilibe mphamvu yodziteteza imene khungu lakuda lili nayo. Kalembela wa 2010 anapeza anthu acialubino oposa 25,000 muno m'Zambia. Ambili a iwo ali kumidzi kumene cakudya cimacokela ku khasu, ndipo mlimi sungamuuze kuti akhale m'nyumba.

Lelo tikamba za aja amene anacitidwa kale opaleshoni. Dokotala anadula cilonda, bala linapola, banja linapita ku chalichi kukayamika. Patapita miyezi, pa khutu kapena pa mlomo pomwe paja pamelanso kacilonda kouma, kosapola. Apa ndi pamene ambili amagwa mphwayi, ena nkuyamba kuloza zala acibale kuti pali ufiti. Ai. Nthenda iyi imabwelela ngati panatsalila timizu tosaoneka ndi maso, kapena cifukwa khungu lonse linapsa ndi dzuwa kwa zaka zambili, ndiye cilonda catsopano cikhoza kubuka pena paliponse. Cikagwidwa cikali cacing'ono, cimadulidwanso ndipo munthu amacila.

Vuto lili pa kudikila. Wodwala amayambila ku kiliniki, atumizidwe ku cipatala ca m'boma lake, kumeneko amudule kanyama kokapima, kenaka ayembekeze zotsatila. Ngati pafunika makina a radiotherapy, opha khansa ndi kuwala kwamphamvu, ulendo ndi wa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cipatala cimene Pulezidenti Levy Mwanawasa anatsegula mu 2007. Kucokela ku Chipata ndi mtunda woposa makilomita 500, ndipo basi amalipila anthu awili, wodwala ndi womudwazika. Banja likaona zimenezi limati tiyambe tagulitsa cimanga ku FRA. Khansa siidziwa kuti msika utsegulidwa liti.

Tsiku limene alemba pa khadi si lamulo lakuti mukhale cete mpaka lifike. Cilonda cikayamba kukula msanga, kucucha magazi, kununkha, kapena pakatuluka mwanabele pakhosi ngakhale kukhwapa, bwelelani kucipatala sabata lomwelo ndipo muwaonetse anamwino kuti zasintha. Mapepala onse sungani m'pulasitiki imodzi. Funsani kuti zotsatila za kanyama mudzazitenga kuti, kwa yani, ndipo siyani nambala ya foni imene imagwila nchito. Ululu ukakula pemphani mankhwala. Kupilila ululu sikucilitsa. Pa cilonda musathilepo phulusa, madzi a batile kapena mizu yowocha. Tsukani ndi madzi owilitsa othila mcele pang'ono, muphimbe ndi nsalu yoyela. Kumunda lawilani m'mamawa, muweluke dzuwa lisanafike pamutu, mutavala cisote cacikulu cophimba makutu ndi khosi, ndi malaya a manja aatali. Kapu ya mpila siithandiza makutu.

Tsopano kwa ife a m'maparishi. Tinene zoona: maliro akagwa, mphakati umasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama za bokosi usiku umodzi wokha. Koma munthu yemweyo akali moyo, akufuna cabe ndalama ya basi, timamuuza kuti tidzamupemphelela. Pemphelo ndi labwino, koma kondakitala salandila pemphelo. Mphakati uliwonse udziwe odwala ake, ndi tsiku limene aliyense afunika kucipatala. Pakhale thumba la maulendo. Pakhale anyamata omupalilila munda pamene iye ali pa mzele ku Lusaka, pakuti ambili amathawa cithandizo poopa kuti udzu udya cimanga. Amai a m'mabungwe amene ali ndi makina osokela angasoke zisote. Ndipo wina wodziwa kulemba athandize banja kufunsa za kulembetsa ku NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo imene inabwela ndi lamulo la 2018.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Mu 2025 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linaika mafuta oteteza khungu ku dzuwa pa mndandanda wa mankhwala ofunikila. Conco mafuta amenewa apezeke pa kiliniki ya kumudzi monga mmene mankhwala a malungo amapezekela, asakhale mphatso yongogawidwa pa 13 June, tsiku lokumbukila anthu acialubino, pamaso pa makamela. Tipemphanso kuti zipatala za m'maboma zikhale ndi tsiku loikika loona khungu, pamene timawanga toyamba tingacotsedwe tisanasanduke khansa, ndi kuti zotsatila za kanyama zizitumizidwa pa foni. Mlimi wa ku Chama kapena ku Vubwi asamagulitse mbuzi kuti akangomva kuti pepala lake silinabwele.