Agiriki ndi Aroma Sankangopeka za Utawaleza

Mkonzi,

Wolemba amene anati Agiriki ndi Aroma ankangopeka nthano za utawaleza mpaka Newton atabwera sanawachitire chilungamo.

Akuti onse ankautenga ngati mulungu wamkazi Iris. Ena inde, koma Mgiriki wina, Xenophanes, anakana poyera, nati Iris ameneyo ndi mtambo chabe.

Akuti sankapenyetsetsa. Nanga Aristotle, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anadziwa bwanji kuti utawaleza umaoneka mbali yopenyana ndi dzuwa, ndiponso kuti ukabwera wachiwiri mitundu yake imasanjika mobwerera? Anatchula mitundu itatu: wofiira, wobiriwira ndi wapepo. Pomwe anaphonya ndi poganiza kuti madontho amangokhala ngati kalilole, osadziwa kuti kuwala kumapindika polowa ndi potuluka m'dontho.

Akuti sankayesa kanthu. Seneca wa ku Rome analemba za mitundu yooneka m'madzi otuluka pa paipi yobooka. Inenso ndimaiona pothirira masamba dzuwa lili kumsana.

Newton anatsimikizira mu 1672 kuti kuwala koyera kuli ndi mitundu yambiri. Koma funso la mitundu ya utawaleza analipeza litafunsidwa kale. Wolembayo awerenge kaye asananyoze.

Wowerenga,
Zomba